Winchi yochotseka ya kumbuyo kwa galimoto: muimangirire pati?

Galimoto ikatitimira m'dambo, kutsogolo kumakhala matope okhaokha. Nthaka yolimba imatsala kumbuyo, kumene mwachokera, poti mpaka kufika pamenepo matayala amayenda bwinobwino. Ine ndinaziona mwezi wa Febuluwale, ndikuchokera kumunda kupitirira Mitundu, Hilux itagona pamimba m'dothi la makande. Winchi, makina a chingwe okokera galimoto ikatitimira, ndinali nayo, yomangidwa pa bampala yakutsogolo, koma kutsogoloko kunali madzi ndi udzu mpaka kutali, popanda ngakhale chitsa. Mtengo waukulu wa mango unali kumbuyo, pamtunda wosakwana mamita 20. Tinatulukamo dzuwa litalowa, ndi makasu, njerwa zophwanyika ndi mapewa a anyamata a m'mudzimo. Mlungu womwewo ndinayamba kuzungulira kwa amisiri a ku Biwi ndi ku Mchesi kufunsa momwe winchi ingakhalire kumbuyo.

Kugula winchi yachiwiri yokhazikika kumbuyo sindinakuganizire n'komwe. Zipangizozi n'zochokera kunja, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake sikambika. Komanso kuno ku Lilongwe winchi imagwira ntchito kuyambira Disembala mpaka Epulo basi. Miyezi ina yonse imangomwa fumbi, kulemetsa masipuling'i ndi kuyitana akuba mukaimika galimoto ku Malangalanga. Winchi yochotseka imagona m'nyumba nthawi ya chilimwe, imakwera galimoto tsiku limene mukupita ku Malingunde, ku Kasiya kapena ku Dzalanyama, ndipo mukakonza bwino imatha kugwira kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Nkhani ili pa chimene chidzaigwire ikayamba kukoka.

Tiyambe tadziwa kukula kwa mphamvu imene tikukamba. Opanga mawinchi amalangiza kuti winchi ikhale yotha kukoka kamodzi ndi theka kulemera kwa galimoto yodzaza katundu. Hilux kapena Land Cruiser yonyamula feteleza ndi anthu imafika matani 3, ndiye chifukwa chake winchi zofala pa galimoto zoterezi ndi za mapaundi 9,500, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 4,300, kapena za mapaundi 12,000, pafupifupi makilogalamu 5,400. Mphamvu yonseyo imachoka pa chingwe, kulowa m'mabawuti anayi apansi pa winchi, kudutsa m'chitsulo chilichonse chimene mmisiri waika, mpaka kukafika pa chesisi, felemu yachitsulo ya pansi imene galimoto yonse yakhalapo. Pamene pali pofooka panjira imeneyi ndi pamene padzathyoke, ndipo chitsulo chothyoka chingwe chili chokungika sichigwa pansi, chimauluka. Njira iliyonse imene ndikambe ndikuiyeza ndi funso limodzi lomweli: matani 4 akafika bwanji ku chesisi?

Njira imene anthu amayamba kuiganizira ndi ya kampira ka towbar, chitsulo chakumbuyo chokokera ngolo. Galimoto zambiri zochokera ku South Africa kapena ku UK zimabwera ndi kampira ka mamilimita 50 kokokera ngolo, ndiye munthu amaona ngati angopanga puleti ya bowo, kuikoleka pamenepo, basi zatha. N'zotchipa, zimatheka tsiku limodzi, ndipo ndi njira yokhayo imene ndikukupemphani kuti musaiyese. Kampirako anakapangira ngolo yoyenda pa matayala, imene imafuna mphamvu yochepa kuti isunthe. Kali ndi khosi lopyapyala, ndipo kamakhala pamwamba pa kachitsulo kopindika kotero kuti mphamvu yokoka imakakhotetsa m'malo mokakoka molunjika. Timipira timeneti tathyokapo ndi kupha anthu m'mayiko osiyanasiyana pokoka galimoto zotitimira. Kwathu kuno galimoto ikatitimira mudzi wonse umabwera kudzaonerera, ana patsogolo. Ganizirani zimenezo.

Njira yachiwiri, imene ndikhalepo nthawi chifukwa ndi imene ambiri angaikwanitse, ndi ya thireyi yolowa mu receiver. Receiver ndi chubu cha ngodya zinayi, cha mainchesi 2 m'kati, chokhala pakati pa towbar. Winchi imamangidwa pa thireyi yachitsulo yokhala ndi mchira wa mamilimita 50 mbali zonse. Mchirawo mumaulowetsa mu receiver, n'kutsekera ndi pini ya mamilimita 16. Kuika kapena kuchotsa sikutenga mphindi ziwiri. Mukaika receiver ina kutsogolo, winchi imodzi yomweyo imatumikira mbali zonse, ndipo mnzanu wokhala ndi receiver akhoza kubwereka thireyi yonse.

Kupanga thireyiyo sikovuta kwa mmisiri wodziwa ntchito. Winchi zambiri za msinkhu umenewu zili ndi mabowo ofanana, mamilimita 254 m'litali ndi 114 m'lifupi, choncho thireyi imodzi imakwana mitundu yambiri. Puleti yapansi isachepere mamilimita 6, ndipo ine ndinasankha ya 8. Mbali zake zipindidwe kapena ziwotchereredwe ndi angle iron kuti isapindike ngati lata. Kutsogolo kwake kukhale chitsulo choimirira chomangirapo fairlead, pakamwa potulukira chingwe. Mchira ndiye mtima wa zonse. Usangomatidwa kumapeto kwa puleti, udutse pansi pa thireyi yonse kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, wowotchereredwa mbali zonse ziwiri, ndi tizitsulo ta ngodya zitatu tolimbitsira pamene ukutulukira. Ukhale chitsulo chosabooka m'kati, kapena chubu cha khoma la mamilimita 6. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa sikweya chubu ya 50 imene ili mbwee m'mahadiweya a mu Old Town ndi yopangira mageti ndi mafelemu a mawindo, khoma lake mamilimita 2 kapena kucheperapo. Kunja imaoneka chimodzimodzi, ikapakidwa penti simungasiyanitse. Pitani nokha kokagula chitsulo, muyang'ane kumapeto kwa chubu pamene adula, muone kukhuthala kwa khoma ndi maso anu.

Musaiwale zogwirira ziwiri m'mbali. Winchi ya chingwe chachitsulo pamodzi ndi thireyi yake imapitirira makilogalamu 45, ndipo simuinyamula pakhonde pa simenti ayi. Mumainyamula mvula ikugwa, miyendo ili m'matope mpaka m'maondo. Chingwe cha ulusi chimachepetsa kulemerako ndi makilogalamu 10 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo chikaduka sichikwapula ngati chachitsulo. Vuto lake n'loti mchenga ukalowa m'kati umachidya, dzuwa nalonso limachifoola, ndipo chimafuna kuchapidwa mukabwera kuthengo. Pa winchi yokhala m'nyumba theka la chaka, dzuwa si nkhani, ndiye ine ndimakonda cha ulusi.

Kufooka kwa njira imeneyi kuli pawiri. Koyamba, thireyi imatulukira kunja kwa galimoto, ndipo yonse yagwira pamalo amodzi. Mukamakoka molunjika palibe vuto, mphamvu imatsata mchira mpaka pa pini. Koma mtengo womangirira sukhala pamene mukuufuna. Chingwe chikapatuka ndi madigiri 30, theka la mphamvu yonse limakokera chammbali, kutanthauza matani 2 pa winchi imene ikukoka matani 4, ndipo mchira uja umasanduka chipanera chachitali chopotokola receiver. N'chifukwa chake mchira ukhale waufupi, thireyi iyandikire bampala mpaka pongotsala malo olowetsa dzanja, ndipo pakamwa pa receiver pazungulidwe ndi mkombero wachitsulo kuti pasang'ambike. Ngati mtengo uli pambali kwambiri, gwiritsani ntchito snatch block, kagudumu kokhotetsera chingwe, kuti chingwe chituluke molunjika kuchokera pa winchi.

Kufooka kwachiwiri n'kobisika, chifukwa kuli pansi pa galimoto. Receiver ndi yolimba ngati towbar imene yaigwira ili yolimba. Gonani pansi ndi tochi muone. Towbar yabwino imakumbatira mbali zonse ziwiri za chesisi ndi mapuleti okhuthala ndi mabawuti atatu kapena anayi mbali iliyonse. Ndinaonapo ina yongowotchereredwa pa chitsulo chogwira tayala la sipeya, ina yomangidwa pa mabulaketi a bampala. Zoterezo zikhoza kukoka kangolo ka zinyalala, koma winchi ayi. Onaninso dzimbiri. Galimoto zina zakale zochokera kumayiko amene amathira mchere m'misewu nthawi yozizira zimafika kumapeto kwa chesisi kutadyeka. Gogodani ndi hamala, pakamveka phwee kapena pakayoyoka, yambani mwakonza pamenepo.

Njira yachitatu imachotsa kufooka koyamba kuja. M'malo mwa receiver imodzi pakati, mmisiri amapanga mtanda wokhuthala wolumikiza mbali ziwiri za chesisi, wokhala ndi ma receiver awiri otalikirana, ndipo thireyi imakhala ndi michira iwiri. Mphamvu ya chammbali sipotokolanso malo amodzi, mchira wina umakoka pamene wina ukukankha, ndipo zonse zimagwera pafupi ndi chesisi. Pa Land Cruiser yolemera, ya winchi ya mapaundi 12,000, yolowa m'nkhalango ya Dzalanyama kapena m'madambo a mtsinje wa Bua mlungu uliwonse, imeneyi ndiyo yoyenera. Ndi imene ndingalangize mabungwe ndi eni maesiteti amene galimoto zawo zimayendetsedwa ndi madalaivala osiyanasiyana, poti si onse amene adzasamale kuti chingwe chalunjika.

Mtengo wake ndi wokwera, chitsulo chimalowa chambiri, komanso imafuna mmisiri wodekha. Michira iwiri ikapanda kulingana ndi mamilimita ochepa chabe, thireyi imakana kulowa, kapena ikalowa imakana kutuluka. Chitsulo chikatentha chimakoka, ndiye michirayo iwotchereredwe ili m'kati mwa ma receiver ake, pang'onopang'ono, mosinthanasinthana mbali. Thireyi yotere ndi ya galimoto imodzi yokhayo, simungabwereke kapena kubwereketsa. Pa Hilux ndi mapikapu ena amene tayala la sipeya limakhala pansi, malo a mtandawo amachepa, ndipo muyenera kuyeza kuti tayalalo lizitsikabe.

Ena amati bwanji osangoimanga m'bodi ya pikapu, chingwe n'kumatulukira pa chitseko chakumbuyo. Ubwino ulipo, winchi imakhala pamwamba, kutali ndi madzi, ndipo imathandiza kukweza katundu wolemera monga chigayo kapena injini ya pampu. Koma pansi pa bodi ndi lata, ndipo bodiyo yagwira chesisi ndi mabawuti ochepa. Pokhapokha mutaboola n'kutsitsa mabulaketi ofika pa chesisi penipeni, winchi idzazula pansipo. Kukoka kuchokera pamwamba kumakanikizanso kumbuyo kwa galimoto m'matope m'malo moikweza. Yokwezera katundu, inde. Yozulira galimoto m'makande, ayi.

Pali njira ina yosavuta imene anthu saiganizira. Thireyi yomweyo ikhoza kukhala ndi makutu awiri obowola, n'kumangiriridwa ndi malamba ndi ma shackle, tizitsulo topindika totsekedwa ndi pini, ku ngowe ziwiri za pa chesisi, ili lende kapena itakhala pa thabwa. Imadzilunjika yokha kumene chingwe chikupita, ndiye mphamvu ya chammbali palibe. Imathanso kumangiriridwa ku mtengo n'kukoka galimoto ina iliyonse. Koma imagwedezeka, imagwera m'matope chingwe chikakhwefuka, ndipo ngowe zake zikhale zokokera zenizeni, osati tingowe topyapyala tomangirira galimoto m'sitima yapamadzi. Ine makutuwo ndinawaika pa thireyi yanga ngati njira yapadera, ndipo sanawonjezere ndalama zambiri.

Tinene zoona, si aliyense amene akufunika winchi yamagetsi. Ngati mumatitimira kamodzi kapena kawiri pachaka, winchi yamanja ya mtundu wa Tirfor ikukwanirani. Imakoka kutsogolo, kumbuyo ngakhale chammbali, sifuna batire, sifuna kuwotcherera china chilichonse kupatula ngowe zolimba. Yotchedwa T516 imanyamula matani 1.6, T532 matani 3.2, ndipo ndi snatch block mphamvuyo imawirikiza. Jeke ya Hi-Lift nayo imakoka mukakhala ndi tcheni, ngakhale kuti mumamasula ndi kumanganso pakangotha mita imodzi. Malipiro ake ndi thukuta ndi nthawi. Pamene winchi yamagetsi imatenga mphindi 10, yamanja ikhoza kudya ola lathunthu. Kwa mlimi wa ndalama zochepa ndimalangiza imeneyi ndi mtima wonse, kusiyana n'kugula winchi yamagetsi n'kuchepetsa ndalama pa chitsulo choigwira.

Tsono amene asankha yamagetsi akumana ndi nkhani ya mawaya, imene imadabwitsa ambiri chifukwa saiwerengera pa bajeti. Batire lili kutsogolo, winchi ili kumbuyo. Ikamakoka mwamphamvu imamwa maampu 400 kapena kupitirira. Kuchokera pa batire kukafika kumbuyo kwa pikapu, potsata chesisi, ndi mamita pafupifupi 6, kupita ndi kubwera 12. Pa waya wa kopa wokhuthala 35 mm², maampu 400 amataya mavoti pafupifupi 2.4 panjira. Pa wa 50 mm² amataya 1.7. Pa wa 16 mm² amataya opitirira 5, pa batire la mavoti 12. Pamenepo winchi imalira koma osakoka, mota imatentha, waya amafewa. Choncho gulani waya wa makina owotcherera wa 50 mm², onse awiri, wofiira ndi wakuda, ndipo wakudayo abwerere mpaka pa batire m'malo modalira chesisi ya dzimbiri. Pogula pempheni kuti ampale pang'ono. Akaoneka woyera m'kati ndi aluminiyamu wopakidwa kopa, msiyeni.

Waya wofiira woyenda pansi pa galimoto yonse ndi moto umene ukudikira mpata. Akhale m'paipi, wogwidwa bwino, kutali ndi ekizozi ndi thanki ya mafuta, ndipo pafupi ndi batire pakhale switch yaikulu yodula magetsi kuti wayayo azikhala wakufa nthawi zonse kupatula pamene mukukoka. Kumbuyo ikani pulagi ya Anderson ya maampu 350 yokhala ndi chivindikiro, pamalo okwera amene matope safikapo msanga. Njira yotsikirako mtengo ndi kusamanga mawayawo pa galimoto, kungowakulunga m'thumba n'kuwayala pambali pa galimoto tsiku la vuto. Imagwira, bola kumapeto kwake kukhale komanga ndi nati pa batire, osati zopanira za ma jumper zimene zimapsa. Ena amanyamula batire lachiwiri m'bodi, koma lopanda injini yolitchaja limatha m'mphindi zochepa. Pokoka injini izikhala ikulira, ndipo muzipumitsa winchi. Mota ikatentha moti dzanja silingakhalepo, dikirani.

Za mmisiri. Woyamba amene ndinamufikira anayang'ana pansi pa galimoto n'kunena kuti, "Bwana, apa tingomata pa chesisi pomwepa, sichingachoke." Ndinamuthokoza n'kupita kwina. Mmisiri wachikulire amene anagwira ntchitoyo anayamba wafunsa kulemera kwa galimoto, kenako anatenga katoni n'kudula chitsanzo cha bulaketi iliyonse asanakhudze chitsulo. Ndinamufunsa za kuwotcherera pa chesisi, iye anati, "Achimwene, chesisi sitiotcha, timamanga." Chitsulo cha chesisi n'chopyapyala koma cholimba, moto umachifoola, ndipo ming'alu imayambira m'mphepete mwa pamene pawotchereredwa. Gwiritsani ntchito mabowo amene opanga galimoto anasiya. Ngati bawuti ikudutsa chesisi ya bokosi, m'kati mulowe kapaipi kuti pomanga zisaphwanyike.

Safunsa anadya phula, ndiye funsani. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu, a M12 pa chesisi, ndipo pa winchi yomwe mugwiritse amene anabwera nayo kapena ofanana nawo. Bawuti yopanda nambala kapena chitsulo cha mazinga chodula ndi sowo chisayandikire ntchitoyi. Pini isakhale chidutswa cha chitsulo cha konkire. Funsaninso za ma rod owotcherera. A 6013, amene ali paliponse, ndi abwino pa mageti, koma pa puleti yokhuthala yonyamula matani pemphani a 7018, ouma bwino, pa makina amphamvu. Timakina tina topangidwa pamanja ta m'mbali mwa msewu sititha kusungunula puleti ya mamilimita 8 mpaka m'kati, chitsulo chimangokhala pamwamba ngati phala. M'mphepete mwa puleti mupalidwe ndi girayinda musanawotchereredwe, ndipo muone ntchitoyo isanapakidwe penti. Ngati pali chowotcherera chili pa galimoto, batire lichotsedwe kaye, ndipo kumbukirani kuti thanki ili pafupi.

Ine ndinatsiriza ndi receiver imodzi kumbuyo pa mtanda watsopano wa mabawuti anayi mbali iliyonse, ina kutsogolo, ndi thireyi ya makutu. Pa Hilux yopita kumunda zimenezi zikukwana. Ndikanakhala ndi Land Cruiser yodzaza tsiku ndi tsiku ndikanapita pa michira iwiri. Mumsewu thireyi imakhala m'bodi, yomangidwa, chifukwa ikakhala pa receiver imabisa nambala ya galimoto, zimene a polisi apamsewu sangakulekerereni, imaletsa chitseko chakumbuyo kutsika, komanso imagunda pansi potuluka m'zigwembe.

Ntchito ikatha musadikire dambo kuti likuyesereni. Mwezi wa Okutobala, kukadali kouma, pezani kamtunda ndi mtengo waukulu, muzunguze lamba wotambalala patsinde kuti khungwa lisasupuke, mutambasule chingwe pafupifupi chonse, poti winchi imakhala ndi mphamvu zake zonse pamzere woyamba wa mkombero. Musiye mapindi asanu ngati chili chachitsulo, khumi ngati chili cha ulusi. Ponyani chiguduli chonyowa pakati pa chingwe, anthu onse atalikire, mukokere galimoto kumtunda mutaponda buleki pang'ono. Mukatha chotsani pini muigubuduze pa simenti kuti muone ngati yapindika, muone ngati bowo lake latalika, muyendetse tochi pamene pawotchereredwa ponse kufunafuna penti yosweka, ndipo mubwereze mabawuti onse a pa chesisi ndi sipanala.

M'madambo ambiri a kuno mitengo inatha, ndiye m'galimoto musasowe khasu ndi lamba wowonjezera wa mamita 20. Pakasowa pomangirira, kumbani dzenje lofika m'chiuno kumbuyo kwa galimoto pamene nthaka yalimba, muimikemo tayala la sipeya lamba atadutsa pakati pake, mukumbe kangalande kopapatiza kotulutsira lambayo molunjika ku winchi, mukwirire ndi kupondaponda dothi musanayambe kukoka.